Ndinasiya mankhwala kawiri ndisanaphunzire kudikira

Zinayamba ndi tulo. Ndinkagona bwinobwino cha m'ma 10 usiku, koma ikamakwana 3 koloko m'bandakucha maso ankangotseguka okha, ngati wina wandigwedeza paphewa. Kuchokera pamenepo mpaka kunja kutayera ndinkangotembenuka, mtima ukugunda, mutu ukufukula zolakwa zanga zonse kuyambira ndili mnyamata. Mkazi wanga ali m'tulo pambali panga, ine ndili pabwalo la milandu: wodandaula ine, woweruza ine, wopalamula ine ndemwe.

Panapita miyezi isanu ndisanapite kuchipatala. Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, choncho ndinkadzinamiza kuti n'kutopa kwa kumapeto kwa chaka. Chaka chinatha, kutopa kuli pompo. Chakudya chinasiya kukoma, lamba ndinachita kuboola bowo lina. Mwana wanga wamng'ono akabwera ndi chithunzi chomwe wajambula kusukulu, ndinkangoti "wachita bwino" maso ali kukhoma. Anthu amaganiza kuti wodwala matendawa amakhalira kulira. Ine sindinkalira. Ndinkangomva zii, ngati andibaya jakisoni wa dzanzi thupi lonse.

Chomwe chinandinyamula n'kukandisiya kuchipatala ndi mtima. Tsiku lina tili pamsonkhano kuntchito, pachifuwa panathina, manja ananyowa ndi thukuta, mpweya unkandiperewera, ndipo ndinatsimikiza kuti lero ndiye ndapita. Anandiyeza mtima ndi makina, anatenga magazi n'kuyeza shuga, kuchuluka kwa magazi ndi chithokomiro. Zonse zinali bwino. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati akungonditayitsa nthawi, koma kuyezaku n'kofunika: kuchepa kwa magazi komanso chithokomiro chaulesi zimafooketsa munthu n'kumukhumudwitsa mofanana ndithu ndi matenda a maganizo, ndipo mankhwala ake ndi ena. Kenako namwino anakhala nane pansi ali ndi pepala la mafunso 9 lotchedwa PHQ-9. Pa milungu iwiri yapitayi, ndi masiku angati omwe mwavutika kugona? Omwe simunasangalale ndi kanthu? Omwe mwadziona kuti ndinu wolephera? Mapointi onse ndi 27, ine ndinapeza 19. Funso lomaliza limafunsa ngati waganizapo kuti kuli bwino kungofa. Pamenepo ndinanama.

"Bambo, mtima wanu ulibe vuto," anatero adokotala. "Muli ndi matenda a kukhumudwa, ndipo nkhawa yakwera pamwamba pake. Matendawa amachizika."

Ndinavomera ndi mutu, koma m'kati ndinali nditapsa. Ndabwera ndi mtima, iwo akundiuza za mutu? Liwu lomwe linkalira m'makutu mwanga, ngakhale palibe anali atalitchula, linali loti misala.

Anandilembera mankhwala a mitundu iwiri. Woyamba fluoxetine, kapisozi mmodzi wa mamiligalamu 20 m'mawa uliwonse. Wachiwiri diazepam, timibulu 7 ta mamiligalamu 5, kamodzi pogona, kuti ndipezeko tulo masiku oyambirira. Anati ndibwerenso pakatha milungu iwiri. Sindikukayika kuti ananena zina zambiri, koma matendawa amasandutsa mutu dengu lobooka, mawu amalowa n'kutulukira pansi. Ndikanapita ndi mkazi wanga, kapena kungolemba papepala zomwe ankanenazo, bwenzi nkhani ino ili yaifupi. Ndinapita ndekha, ndipo kunyumba ndinakanena kuti andipatsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi.

Mankhwala awiriwa anandilandira mosiyana. Diazepam anagwira usiku woyamba womwewo. Pasanathe ola mapewa anamasuka, m'mutu munati phee, ndipo ndinadzuka dzuwa litatuluka, koyamba pa miyezi isanu. Fluoxetine anabwera ndi mseru, litsipa ndi kusakhazikika kwachilendo, miyendo ikufuna kuyenda mwini wake nditakhala pansi. Nkhawa inakwera m'malo motsika. Tsiku la 12 ndinagamula monga wowerengera ndalama: uyu akubweretsa phindu, uyu akungondiluzitsa. Makapisozi ndinawaponya kuseri kwa mabuku m'kabati, tsiku lobwerera kuchipatala ndinalilumpha.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti zonse ndinkamvazo ndi mmene mankhwalawa amayambira. Fluoxetine, yemwe ambiri amamudziwa ndi dzina la malonda la Prozac, anavomerezedwa ku America mu 1987, ndipo ali m'gulu lotchedwa SSRI limodzi ndi sertraline, citalopram, escitalopram ndi paroxetine. Ntchito yawo n'kuchititsa kuti serotonin, kachinthu kamodzi mwa tinthu tomwe maselo a mu ubongo amatumizirana nato uthenga, azikhalitsako pakati pa selo ndi selo linzake. Zimenezi zimachitika pa maola ochepa chabe, ndipo popeza serotonin wambiri m'thupi ali m'matumbo, mimba ndiyo imayamba kudandaula. Koma kuti munthu amve kupepuka, ubongo umafuna nthawi: milungu iwiri mpaka inayi kuti kusintha kuyambe kuoneka, 6 kapena 8 kuti dokotala aweruze bwino ngati mankhwalawo akukuyanja. Zowawa ndizo zimatsogola. Mseru ndi litsipa kawirikawiri zimazilala pakatha mlungu umodzi kapena iwiri, makamaka ukamamwa utadya kanthu. Ine ndinachoka pamsika nditalipira kale, katundu ndisanalandire.

Apa makolo ndi amene mumalera achinyamata mumvetse. Milungu yoyambirirayi ndi yofunika kumuyang'anira munthu, makamaka wosakwana zaka 25. Kuyambira mu 2004 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linalamula kuti pamankhwala a kukhumudwa pazikhala chenjezo lakuti kwa ana ndi achinyamata maganizo odzipha akhoza kukwera poyamba, ndipo mu 2007 linawonjezera omwe ali ndi zaka 18 mpaka 24. Sikuti asamwe ayi. N'chifukwa chake adokotala amati mubwerenso pakatha milungu iwiri kapena msangapo, tsiku lomwe ine ndinalilumpha lija.

Timibulu 7 tija titatha, tulo tinathanso. Mnzanga wina anandilozera malo ogulitsa mankhwala komwe safunsa pepala la dokotala, ndipo ndinakhala kasitomala wawo. Mwezi woyamba m'bulu umodzi unkakwana. Mwezi wachiwiri ndinkadzuka 3 koloko yomwe ija ngakhale nditamwa, ndiye ndinayamba kumwa iwiri. Kenako theka m'mawa ndisanapite kuntchito, wina wathunthu pakakhala msonkhano. Pofika mwezi wachisanu ndinkamwa mamiligalamu 20 patsiku, masiku ena kuposa, ndipo madzulo ndinkatsirapo mabotolo awiri a mowa kuti "zigwire bwino". Kuntchito ndinkaiwala zomwe ndanena dzulo lake. Tsiku lina ndinaima pamphambano magetsi atayaka obiriwira, mpaka a m'mbuyo anachita kundiimbira mabelu. Komabe ndinkadziuza kuti ndapeza mankhwala ondiyanja, adokotala aja ndiwo analakwitsa kundipatsa makapisozi.

Bodza linaphulika pa ulendo wa kuntchito wa masiku asanu. Ndinaiwala paketi m'jekete lina. Tsiku loyamba ndi lachiwiri ndinali bwino ndithu, mpaka ndinadzitama kuti mwaona, sindine kapolo wa mankhwala. Kumeneko kunali kusadziwa: diazepam amachedwa kutuluka m'thupi, ndiye chibaba chake chimadikira kaye. Usiku wachitatu manja anayamba kunjenjemera moti ndinalephera kulowetsa kiyi pachitseko. Thukuta kamukamu, kuwala kwa babu kukundilasa m'maso, phokoso la madzi m'mpope likumveka ngati ng'oma. Ndinakhala pansi m'bafa mpaka m'mawa nditakumbatira mawondo.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza mkazi wanga wakhala pabedi, jekete lija lili pamiyendo, mapaketi opanda kanthu atawandandalika pamwamba pa bulangete ngati makadi. Anali atawawerenga kale.

"Amuna anga, a kuthamanga kwa magazi aja ndi amenewa?"

Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanakuwa. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa pepala la mafunso 9 lija. Analira, osati chifukwa cha matenda, koma chifukwa choti kwa pafupifupi chaka ankaganiza kuti ndatopa naye, mwinanso kuti ndapeza wina.

Tinapita limodzi kuchipatala, ndipo ulendo uno anatitumiza kwa mayi wina yemwe anaphunzira za matenda a maganizo. Sanandikalipire. Anafunsa kuchuluka kwa diazepam ndi mowa, ndipo nditatchula theka la zoona anangokhala chete akundiyang'ana mpaka ndinatchula theka linalo. Anatifotokozera kuti diazepam, yemwe anatuluka mu 1963 ndi dzina la Valium, ndi abale ake monga lorazepam ndi alprazolam, amapondereza ubongo podzera pakhomo lomwelo lomwe mowa umadzera. N'chifukwa chake kuphatikiza ziwirizi kukhoza kuimitsa kupuma munthu ali m'tulo. Amathandiza kwa masiku ochepa, osapitirira milungu iwiri mpaka inayi, ndipo sachiza kukhumudwa. Amangophimba nkhawa, chilonda chikukula pansi pa bandeji. Thupi likawazolowera, kusiya mwadzidzidzi kukhoza kumugwetsa munthu ngati wa khunyu. "Usiku uja m'bafa munachita mwayi, bambo," anatero.

Anandifunsanso funso lomwe linandidabwitsa: kodi inayamba yakhalapo nthawi yomwe kwa masiku angapo simunkafuna tulo koma muli ndi mphamvu zosefukira, mukulankhula osapumira, kumwaza ndalama, kudziona ngati palibe chokukanikani? Ndinati ayi, mkazi wanga anatsimikiza. Anati amafunsa aliyense, chifukwa pali matenda ena otchedwa bipolar, omwe munthu amati akatsika kwambiri n'kudzakweranso mopitirira, ndipo woteroyo ukamupatsa mankhwala a kukhumudwa okhaokha ukhoza kumukankhira kumwambako. Kenako anabwera ndi funso lomwe ndinanama lija. Ulendo uno ndinanena zoona, mkazi wanga ali pomwepo. Ndinkaopa kuti akangomva anditsekera m'chipinda. Sananditsekere. Tinagwirizana kuti mankhwala onse m'nyumba azisunga mkazi wanga, kuchipatala azindipatsa a mlungu umodzi umodzi, ndipo maganizo amenewo akangokula ndinene tsiku lomwelo, ngakhale pakati pa usiku. Ngati mukuwerenga izi muli ndi maganizo oterowo, uzani munthu lero ndipo pitani kuchipatala lero. Kungowatulutsa pakamwa kunawachotsa mano.

Diazepam tinamutsitsa pang'onopang'ono, kachidutswa milungu iwiri iliyonse, ndipo zinatenga milungu 14. Chodabwitsa n'chakuti kuchoka pa 20 kufika pa 10 sikunavute kwenikweni. Mamiligalamu awiri omaliza ndiwo anandilimbitsa. Mowa ndinausiya. Fluoxetine ndinamuyambiranso, popeza mayiyo anati masiku 12 si kuyesa, ndipo anandipatsa ntchito yolemba mzere umodzi tsiku lililonse m'kabuku: ndagona maola angati, ndadya, ndachita chiyani. Mseru unabweranso, n'kupita tsiku la 9. Mlungu wachitatu palibe, wachinayi palibe. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumavuta pamene chomwe chikudwala ndi chomwecho chomwe munthu amadekhera.

Kusintha sikunabwere ndi lipenga. Chitseko cha kabati ya kukhitchini chinali chitalendewera pa hinjesi imodzi kwa chaka chathunthu, ndipo aliyense m'nyumbamo anali atazolowera kuchinyamula potsegula. Loweruka lina la mlungu wachisanu ndinangozindikira kuti ndagwada pansi, sikuludiraiva ili m'manja, mwana wanga akundigwirira zomangira m'kadzanja kake n'kumandifunsa chifukwa chake zina ndi zazitali. Ndinkamuyankha, ndipo ndinkafunadi kumuyankha. Nditatembenuka ndinaona mkazi wanga waima pakhomo, dzanja lili pakamwa. Nditawerenga kabuku kaja madzulo ndinapeza kuti tulo tinali titayamba kutalika kwa masiku 10 ine osazindikira. Mayi uja anali atanena kale kuti a pakhomo ndiwo amayamba kuona, mwini amamva pomaliza.

M'nyengo yomweyi msana unandivuta, ndipo kwina anandilembera tramadol osandifunsa zomwe ndikumwa, nanenso osanena. Wopereka mankhwala pawindo ndiye anafunsa, ndipo nditatchula fluoxetine anabweza paketiyo m'shelefu. Tramadol ndi SSRI zikakumana serotonin akhoza kuchuluka mpaka poika moyo pachiswe: kutentha thupi, kunjenjemera, kusokonezeka. Chimodzimodzi mankhwala a zitsamba otchedwa St John's wort, omwe amagulitsidwa ngati othandiza maganizo. Ibuprofen ndi aspirin nawo, ukamawamwa pafupipafupi pamodzi ndi SSRI, amakweza chiopsezo chotaya magazi m'mimba. Kuyambira tsiku limenelo mayina a mankhwala anga ndimayenda nawo pakapepala m'chikwama.

Tsopano ndifike pa cholakwa chachiwiri, chomwe chimandichititsa manyazi kuposa choyamba, chifukwa apa ndinali nditachenjezedwa. Moyo unabwerera, koma za kuchipinda zinazima. Chilakolako chinachepa, ndipo tikayesa, ulendo unali wosafika kumapeto. Vutoli limagwera anthu ambiri omwe amamwa SSRI, amuna ndi akazi omwe, ndipo lalembedwa pakapepala ka m'paketi. Mwezi uliwonse mayi uja ankafunsa ngati pali chovuta chilichonse, ine n'kumati palibe. Nkhani yotere ndikaiyamba bwanji pamaso pa munthu wamayi? Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ine ndinangokhala chete m'mimba mukupota. Mwezi wachinayi ndinaona kuti ndachira, ndinawerengera kuti chotsala ndi vuto lomwe makapisozi akubweretsa, ndipo ndinasiya. Mkazi wanga anali atandibwezera kale udindo wosunga mankhwala. M'mawa uliwonse ndinkachotsa kapisozi n'kumuponya m'chimbudzi kuti paketi izioneka kuti ikuyenda.

Fluoxetine ali ndi msampha wake. Amachedwa kwambiri kutuluka m'thupi, zotsalira zake zimakhalamo kwa milungu ingapo, choncho wosiya samva kanthu poyamba. Amene amasiya mwadzidzidzi paroxetine kapena venlafaxine, omwe amatuluka msanga, amazindikira pa masiku ochepa: chizungulire, mseru, maloto oopsa, kupsa mtima, ndi kumva ngati magetsi akugwira m'mutu akatembenuza maso. Zimenezo si matenda kubwerera, ndi thupi kudabwa, ndipo mu 2019 bungwe la madokotala a maganizo ku Britain, la Royal College of Psychiatrists, linavomereza poyera kuti kwa anthu ena zimakhala zoopsa ndi zokhalitsa kuposa mmene zinkanenedwera kale. Ine zoterozo sizinandigwire. Kwa milungu 6 ndinali bwino, za kuchipinda zinabwerera, ndinkayenda modzikweza. Mlungu wa 9 maso anatseguka 3 koloko.

Ulendo wachiwiriwu unali wozama kuposa woyamba, ndipo ndiwo unandidyera zambiri. Ndinalakwitsa manambala pa lipoti la pakati pa chaka, cholakwa chomwe wophunzira ntchito sangachite, ndipo ndinalandira kalata ya chenjezo. Udindo womwe ndinaudikira zaka zinayi unapita kwa wina, ndipo sindingamunene kuti anandilanda. Ndinakhala pakhomo milungu 6. Ndikaphatikiza ndalama za diazepam wa miyezi isanu, mowa, maulendo a kuchipatala ndi masiku omwe sindinalipidwe, zimaposa kutalitali zomwe ndikanawononga pomwa kapisozi mmodzi patsiku kwa chaka. Koma chomwe chinachedwa kubwerera ndi chikhulupiriro cha mkazi wanga. Nditamuuza za chimbudzi zija anangoti, "Ndiye ndikamawerenga paketi ija ndinkawerenga chiyani?" Yankho ndinalibe.

Kwa mayi uja ndinapita mutu uli pansi, ndipo nkhani ya kuchipinda ndinachita kuilemba papepala n'kuwapatsira, pakamwa itakanika. Anawerenga, n'kupinda pepalalo. "Bambo, mukanandipatsa kapepala aka miyezi inayi yapitayo, bwenzi titangosintha mankhwala." Anati kumva bwino si kuchira kotheratu. Malangizo ambiri amati munthu apitirize kwa miyezi 6 kapena kuposa, kuwerenga kuchokera pomwe wapeza bwino, osati pomwe anayamba kumwa. Buku la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lolangiza azaumoyo, la mhGAP la mu 2016, linati miyezi 9 mpaka 12. Ine ndinasiya nditakhala bwino miyezi yosakwana itatu. Anandiuzanso kuti kusintha mankhwala si kulephera. Pa kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa STAR*D, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2006, munthu mmodzi yekha mwa atatu ndiye anachira ndi mankhwala oyamba. Ena anachira atasintha kapena kuwonjezera.

Tinakambirana za amitriptyline, mankhwala akale omwe amapezeka m'zipatala zambiri ndipo amagoneka tulo, koma amaumitsa m'kamwa, amadzimbitsa, amachititsa chizungulire podzuka, ndipo akamwedwa mopitirira muyezo ndi oopsa ku mtima. Poona maganizo omwe ndinali nawo, anawakana. Anandipatsa mirtazapine, mamiligalamu 15 usiku, kenako 30. Ameneyu sakhudza kwambiri za kuchipinda, koma naye ali ndi msonkho wake. Milungu iwiri yoyamba ndinkadzuka mutu uli ndii mpaka 10 koloko, ndipo njala yake inali ya chilombo. Ndinkapezeka ndaima m'khitchini pakati pa usiku. Pa chaka ndinawonjezera makilogalamu 8. Ndinadandaula, ulendo uno mokweza ndi pa nthawi yake, ndipo tinagwirizana zoyenda pansi mphindi 30 tsiku lililonse ndi kuyeza sikelo mwezi ndi mwezi. Pakati pa mimba yotuluka ndi 3 koloko ija, ndinasankha mimba.

Anandilembetsanso ku uphungu, wa mtundu wotchedwa CBT, wothandiza munthu kuunika ndi kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, ndipo ndinapitako ka 12. Poyamba ndinkauderera, kuti kulankhula kungachize chiyani. Mlangiziyo anandigwira ndi luso langa lomwe. Ndikati "ndine wolephera", ankati tibweretse umboni ngati tikuunika mabuku: mbali iyi zotsimikiza, mbali iyi zotsutsa. Mabuku anga sankagwirizana ndi chigamulo changa. Mankhwala anandikweza kufika poti n'kutha kugwira cholembera, koma ntchito younika maganizoyo inali yanga. Ndinamvanso kuti kwa amene kukhumudwa kwake n'kocheperako, uphungu woterewu ndiwo umayamba, mapiritsi sathamangira.

Pakati pa zonsezi mlamu wanga ananditumizira uthenga pa WhatsApp woti asayansi apeza kuti mankhwala a maganizo ndi bodza. Kale ndikanasiya usiku womwewo. Ndinapita nawo kwa mayi uja. Anati nkhaniyo ili ndi gwero: mu 2022 dokotala wa matenda a maganizo wa ku Britain, Joanna Moncrieff, ndi anzake anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti palibe umboni wokwanira woti kukhumudwa kumayamba chifukwa cha kuchepa kwa serotonin. Koma funso loti matenda amayamba bwanji ndi lina, loti mankhwala amathandiza ndi linanso. Mu 2018 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wophatikiza zoyesa 522 za mankhwala 21, ndipo onse anaposa m'bulu wongoyerekezera wopanda mankhwala, ngakhale kuti kwa anthu ambiri kusiyanako si kwakukulu. Yankho limeneli ndinalikonda chifukwa silinandilonjeze zodabwitsa.

Pabenchi yodikirira ndinaphunzira kuti "mankhwala a maganizo" si chinthu chimodzi. Panali mnyamata yemwe ankamva mawu omwe ena sankawamva, amamwa haloperidol, ndipo mwezi wina anabwera khosi litauma, manja akunjenjemera. Anamutsitsira mlingo n'kumuwonjezera kam'bulu komasula minofu, mwezi wotsatira ankaseka nafe. Wina anali pa jakisoni wa pamwezi chifukwa mapiritsi ankaiwala. Bambo wina wa bipolar ankamwa lithium, mankhwala omwe dokotala John Cade wa ku Australia anaonetsa mphamvu yake mu 1949, ndipo ankatengedwa magazi pafupipafupi kuyeza mlingo wake, impso ndi chithokomiro, popeza malire a mlingo wochiza ndi wovulaza ali pafupi. Mayi wina wachitsikana anali pa sodium valproate ndipo ankafuna mwana. Anamuuza kuti asayerekeze kutenga pakati asanamusinthire, chifukwa mankhwalawa akhoza kulemaza mwana m'mimba, komanso asawasiye payekha. Pafupifupi aliyense pabenchipo anali ndi nkhani yofanana ndi yanga, ya tsiku lomwe anamva bwino n'kusiya.

Nditakhala bwino miyezi 14 tinayamba kutsitsa, ulendo uno tili atatu: ine, mkazi wanga ndi mayi uja. Tinasankha nyengo yopanda malipoti kuntchito. Kuchoka pa 30 kufika pa 15, kudikira mwezi. Kenako theka la m'bulu, kudikira milungu 6. Kenako kachidutswa kakang'ono komwe ndinkadula ndi lumo patebulo, mkazi wanga akuseka kuti ndasanduka telala wa mapiritsi. Sitepe iliyonse inkabwera ndi masiku anayi kapena asanu a tulo tosakhazikika ndi kamseru, kenako bata. Zonse zinatenga miyezi inayi. Mayi uja ananena mosabisa kuti popeza matendawa anandigwetsa kawiri, akadzabwera kachitatu tidzakambirana zomwa kwa zaka ziwiri kapena kuposa, ndipo pali anthu omwe amamwa moyo wonse monga amachitira a shuga.

Papita miyezi 8 chimwereni kachidutswa komaliza. M'kabati ya kuchipinda muli pepala lomwe tinalemba ndi mkazi wanga, la zizindikiro zitatu: kudzuka 3 koloko masiku asanu otsatizana, kusiya chakudya m'mbale, ndi kuyankha mwana maso ali kukhoma. Ziwiri zikakumana, timapita kuchipatala popanda kutsutsana. Mwezi watha ndinadzuka 3 koloko masiku atatu otsatizana. M'mawa wachitatu ndinamuuza ndisanatsuke m'kamwa, iye anatulutsa pepala lija n'kulemba tsiku pakona. Usiku wachinayi ndinagona mpaka alamu. Tinaimbabe foni, ndipo mayi uja atipatsa Lachinayi la mlungu wa mawa, 9 koloko m'mawa.